Chotapira Matope: Kabuku ka Mabanja Ofufuza ndi Ditekita m'Madzi a ku Chinyunyu

Ditekita ikalira inu muli m'madzi olekeza m'mawondo, ntchito yake yaikulu yathera pomwepo. Yakuuzani kuti pansi apa pali kanthu kachitsulo, koma siikuuzani kuti n'chiyani, ndipo siingakutulutsireni. Madzi mwawavundula kale ndi mapazi, moti ngakhale zala zanu simukuziona. Kuchokera pamenepo zonse zatsamira pa chida chimene ambiri sachiganizira pokonza za ndalama: chotapira matope. Banja limagulitsa mbuzi, lina mpaka ng'ombe yapagoli, kuti ligule makina, koma tsiku lopita kumtsinje n'kungotola fosholo yakale kuseri kwa nkhokwe. Pobwerako chimanjamanja, mlandu umagwera makina.

Kabuku kano talembera mabanja a ku Chinyunyu, m'dera la Mfumu Bundabunda, ndi ena onse m'boma la Rufunsa amene ali ndi ditekita, amene amachita kubwereka, kapena amene akusonkherana m'kopaletivi kuti agule. Mfundo yake yaikulu tiinene poyambirira: m'matope, chotapira ntchito yake ndi kukumba ndi kunyamula. Kusefa kumachitikira m'beseni, kumtunda.

Golide ndi wakale kuno, zida ndizo zachilendo

Makolo ankadziwa kale kuti m'mapiri a kuno muli golide. Migodi ya Jessie ndi Chakwenga inakumbidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo itatsekedwa anthu sanaleke kutsuka mchenga m'makwawa. Mu 2020 kampani ya ZCCM-IH inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono ku Rufunsa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Bank of Zambia inayamba kugula golide wa m'dziko muno n'kumasunga ngati chuma cha dziko. Kenako kunabwera chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Chimanga chitapserera m'munda, munthu sakanaletsedwa kuyang'ana kumtsinje.

Vuto n'lakuti zotapira zimene mumaziona pa foni, zonyezimira, zamabowo ngati chisa cha njuchi, sanapangire ife. Anapangira anthu ofufuza mphete ndi makobidi m'mphepete mwa nyanja zamchere ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Kumeneko mchenga ndi woyera, wosamata, umadutsa m'mabowo ngati ufa pa sefa, mphete n'kutsala. Kwathu kuno pansi pamadzi pali makande, dongo, mizu ya bango ndi nsangalabwi, ndipo chimene tikufuna n'chaching'ono kuposa mphete.

Funso loyamba: mukufuna kutulutsa chiyani?

Ngati mwataya makiyi a njinga yamoto pawoloko, foni padamu, bawuti ya pulawo kapena chitsulo cha ngolo m'dambo, chotapira cha mabowo a mamilimita 10 mpaka 12 chikukwanirani. Zinthu zimenezi n'zazikulu, sizidutsa, ndipo matope amachoka msanga.

Golide ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupemphani muwerenge modekha. Golide amalemera maulendo 19 kuposa madzi, pamene mchenga wamba umalemera maulendo awiri ndi theka okha. Chifukwa cha kulemera kumeneku, golide wa ndalama zambiri amakhala kanthu kakang'ono zedi. Kambulu ka galamu imodzi, kakakhala kobulungira, sikakwana ngakhale mamilimita 5 m'mimba mwake. Kukula kwake n'kwa njere ya mapira yonenepa. Zotapira zogula zambiri zili ndi mabowo a mamilimita 10 mpaka 16, ndipo zimene amati n'zamabowo ang'onoang'ono zimakhala za 6 kapena 7. Ndiye kuti galamu yathunthu ikhoza kudutsa m'zonsezi.

Si zokhazo. Amayi amene amapeta amadziwa kuti ukagwedeza lichero, zolemera zimapita kwawokwawo, zopepuka kwawokwawo. M'madzi n'chimodzimodzi: mukagwedeza chotapira kuti matope achoke, cholemera kwambiri ndicho chimayamba kutsikira pansi, ndipo pansipo ndi pamene pali mabowo. Golide ndiye woyamba kutuluka, miyala n'kutsala. Akagwa sagwera pamene anali. Amagwera m'dzenje limene mwakumba, m'thope limene mwafewetsa, n'kumira kuposa poyamba. Mukabwezapo makina mupeza akulira motsika kapena angoti zii, inu n'kumati linali phokoso chabe.

Mwina wina anganene kuti ndiye tiboole mabowo a mamilimita awiri. Mabowo otere dongo limawatseka pa kutapa koyamba. Sangakusefereni kanthu. Choncho kwa wofuna golide yankho si kukula kwa bowo ayi, koma malo ake. Pansi pa chotapira ndi chigawo cham'munsi cha m'mbali zikhale zosaboola, ngati mbale. Mabowo a mamilimita 3 kapena 4 akhale m'mwamba mwa mbali ndi kumbuyo, ntchito yake kungokhetsa madzi kuti katundu apepuke ponyamula.

Dziwani matope a pamalo panu

Musanapite kwa mmisiri, pitani kumtsinje ndi ndodo yosongola, muzike pansi malo angapo, kenako mutape ndi dzanja.

Mukapeza mchenga wosamata, mwapeza pofewa. Pafupifupi chotapira chilichonse chilowa. Chovuta chake n'chakuti dzenje limadzikwirira lokha mukangotulutsa chida, ndiye pamafunika kutapa kwakukulu kamodzi m'malo mwa kung'onang'ona kambirimbiri.

Mukapeza nsangalabwi ndi miyala yolumana, mlomo wa chotapira ndiwo udzavutike. Malo otere musawanyoze. Golide, polemera, amatsika m'miyala mpaka atapeza chomuimitsa: thanthwe, mng'alu wa m'thanthwe, kapena dongo lolimba lapansi. Amakondanso kukhala mkati mwa pokhota mtsinje ndi kuseri kwa miyala ikuluikulu, pamene madzi amafika atatopa.

Makande ndi dongo ndiwo mayeso enieni. Dongo limagwira chotapira ngati ulimbo. Mukachizika chonse n'kukoka ndi mphamvu, chimene chimagonja ndi mpini kapena msana wanu. Chotapira cha m'dongo chikhale chotsegula pamwamba, osati chonga chitini chotsekeka mbali zonse, kuti chibuma chituluke mukangopendeketsa. Dziwaninso kuti dongo ndi mbala. Kachibuma kosaphwanyika kamamata golide n'kugubuduka naye kutuluka m'beseni inu mukuona. Chibuma chilichonse chiyenera kufinyidwa ndi manja mpaka chisanduke madzi.

Pali thope lina lakuda, la masamba ovunda, lonunkha, lopezeka m'maiwe ndi m'madambo osayenda madzi. Mwendo umalowa mpaka m'ntchafu. Golide sakhala pamwamba pa thope lotere, ndipo munthu akhoza kutitimira osatha kudzizula. Ndodo ikalowa kupitirira mkono osagunda polimba, chokanipo.

Chotapira chachitsulo: chimene chimakumba

Mlomo wake ukhale wosongoka ngati nsonga ya khasu lakutha, osati wafulati. Mlomo wafulati umagunda mwala umodzi n'kuima, pamene wosongoka umapeza mpata pakati pa miyala, umadulanso mizu.

Kukula kwake anthu amalakwitsa chifukwa cha mtima wofuna zambiri. Lita imodzi ya matope onyowa imalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Chotapira cha malita asanu ndiye kuti makilogalamu 10 ali kunsonga ya mpini wautali, inu mwaima poterera, ndipo mukweza chotero kambirimbiri pa tsiku. Malita awiri kapena atatu akwanira, kukamwa kwake masentimita 15 mpaka 18. Ngati amayi a pakhomo nawonso azigwira, funsani iwo anyamule poyesa, osati mnyamata wamphamvu kwambiri pabanjapo.

Chitsulo chake chikhale chochindikala mamilimita awiri. Chopyapyala kuposa apo chimapindika mlomo tsiku loyamba m'nsangalabwi. Aluminiyamu ndi wopepuka, m'mchenga amachita bwino, koma m'miyala ndi m'makande amakwinyika. Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene amisiri amati sitenilesi, ndicho chabwino koposa, koma n'chodula, ndipo si wowotcherera aliyense amene ali ndi ndodo zake. Pogula, tengani maginito: sitenilesi wa mtundu wa 304, amene amapangira zotapira zabwino, sagwira maginito, kapena amangogwira pang'ono pamene anapindidwa. Ngati maginito amata nganganga, mwina akugulitsani chitsulo wamba chopakidwa zonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maganizo anga ndi akuti banja longoyamba lisavutike ndi sitenilesi. Chitsulo wamba chochindikala, chopangidwa ndi mmisiri amene mungabwererenso kwa iye chikathyoka, chimaposa chochokera kunja chimene chikang'ambika palibe wochisoka. Madzi athu si amchere, dzimbiri silithamanga ngati kunyanja. Chofunika n'kuchitsuka ndi kuchiumitsa, chifukwa timakoko ta dzimbiri tikagwera m'dzenje timaliza ditekita, inu n'kumathamangitsa zinyalala za chida chanu chomwe.

Kumbuyo kwake kukhale kolimba, kokhala ndi chopondera chafulati chokwana phazi, chifukwa m'dongo chotapira chimalowa ndi mwendo, osati ndi manja. Pamene mpini umalowa ndiye pothyokera zotapira zambiri. Pakhale paipi yochindikala yowotcherera mozungulira, ndi tizitsulo tiwiri tochirikiza kuchokera papaipiyo kufika m'mbali mwa chotapira. Paipiyo ipendekere kumbuyo pang'ono, kuti mukakokera mpini kwa inu mlomo uzidzuka, katundu asakhuthuke potuluka m'madzi.

Mpini ukhale wamtengo, wofika pachifuwa cha wougwira. Mtengo suliza makina, suzizira m'manja m'mwezi wa Juni, ndipo ukathyoka mumasema wina. Bulugama wouma bwino amakwanira. Muwanga ndi wolimba koma wolemera. Nsungwi imang'aluka pamene mwabowola bawuti. Boolani kumapeto kwa mpini mumangepo chingwe chofika m'chiuno, kuti chida chizikhala kumbuyo kwanu pofufuza. Mfundo yake ikhale yomasuka ndi kukoka kumodzi, kuti chida chikakodwa pansi chisakugwireni.

Mukapita kwa wowotcherera

Amisiri a zitsulo alipo ku Chongwe, ndipo ku Lusaka madera a Kalingalinga ndi Garden amadziwika ndi ntchito imeneyi. Koma ambiri sanapangepo chotapira chotere, ndiye mukangoti "ndipangireni fosholo ya m'madzi" adzakupangirani chimene iwo akuganiza. Dulani katoni kunyumba, muipinde m'maonekedwe amene mukufuna, mulembe ndi makala pamene pakhale mabowo ndi pamene pasakhale. Mukafika nenani momveka: "Amisiri, pansi apa musaboole ngakhale bowo limodzi. Msoko wam'kati muwotcherere wonse, musasiye mpata." Msoko wa madontho-madontho umasiya timipata momwe golide wosalala amabisala kapena kutulukira. Apempheninso apale m'mphepete monse ndi tupa, chifukwa m'madzi akuda dzanja limapapasa osaona.

Pofuna kupulumutsa ndalama, anthu amabweretsa zitsulo zakale. Fosholo yochindikala yopindidwa m'mbali, kapena chidutswa cha paipi yaikulu, zimatheka. Koma silinda ya gasi ndi mgolo umene munali petulo musalole kuti zidulidwe, chifukwa mpweya wotsalira umaphulika ngakhale chiwiyacho chikuoneka chopanda kanthu. Chitini cha mankhwala a thonje kapena a dibi chisayandikire madzi. Chitsulo chokutidwa ngati malata chikamawotchedwa chimatulutsa utsi wodwalitsa mmisiri.

Pomaliza mangani maginito amphamvu m'kati, kumtunda kwa khoma lakumbuyo. A m'sipika yakale ya wailesi amagwira ntchito. Zambiri zimene ditekita imalirira m'mitsinje yathu ndi misomali, mbedza, waya wa misampha ndi tizidutswa ta makasu. Maginito akazigwira mumadziwa pomwepo, osataya theka la ola. Golide sagwira maginito.

Chotapira chapulasitiki: chimene chimakumana ndi makina

Chida chachiwirichi sichidya ndalama, koma popanda icho choyambacho n'chopanda pake. Chotapira chachitsulo simungachiyandikize pa koyilo, kambale kapansi ka ditekita kaja, chifukwa makina adzalirira chotapiracho. Ngakhale sitenilesi amene sagwira maginito amaliza ditekita. Ndiye mufunika chotapira chaching'ono chopanda chitsulo chilichonse. Dulani mopendekera chidutswa cha paipi yapulasitiki ya mamilimita 110, kapena chigubu cholimba cha mafuta ophikira, kusiya chogwirira chake. Chisakhale ndi bowo, waya kapena msomali.

Kagwiritsidwe kake n'kogawa pakati. Mwakhuthulira matope m'beseni lapulasitiki. Yendetsani koyilo pamwamba pa beseni: ngati ikulira, chinthu chatuluka. Tsopano gonekani ditekita pansi, tapani matope pang'ono ndi chapulasitiki, muyendetse pamwamba pa koyilo. Kukakhala chete, ikani pambali, tapaninso. Ikalira, gawani matopewo pawiri, theka m'dzanja, theka m'chotapira, muyesenso. Pitirizani kugawa mpaka patsale kadothi kokwana pachikhatho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja logwira ntchitoyi lisakhale ndi mphete, wotchi kapena chibangili. Makina ena amphamvu amamva ngakhale dzanja lenilenilo, n'chifukwa chake dothi liziyenda pa pulasitiki osati pa zala.

Beseni ndi sefa

Beseni likhale lapulasitiki, lakuda kapena lobiriwira, kuti golide aoneke. Ngati mukugwira ntchito kutali ndi gombe, likhazikeni m'chubu cha galimoto chopopa kuti liziyandama pambali panu, mutatseka vavu yake ndi nsanza n'kuilozetsa kutali ndi koyilo, popeza ndi yachitsulo. Pamwamba pa beseni mukhoza kuika sefa yapulasitiki, monga kabasiketi kotsukira ndiwo, yochotsera miyala ikuluikulu. Kusiyana kwake ndi mabowo a chotapira n'kwakuti chodutsa apa chimagwera m'beseni mwanu, osati mumtsinje. Miyala yotsala pasefa muiyese ndi makina musanataye, chifukwa golide wina amakhala atamatirira m'nsangalabwi.

Kachitidwe kake m'madzi

Yambirani kumunsi kwa mtsinje, muziyenda moyang'ana kumene madzi akuchokera, kuti matope amene mwavundula azipita kumbuyo kwanu. Makina akalira, yendetsani koyilo mopingasa, uku ndi uku, mpaka mutapeza pakati penipeni. Ikani chala chachikulu cha phazi kumbuyo kwa koyilo ngati chizindikiro, chotsani makina, bweretsani mlomo wa chotapira pamene pali phazi, mubwerere m'mbuyo pang'ono ngati chikhatho chimodzi. Zikani mozama kuti mulowe pansi pa chinthucho, osati pamwamba pake. Pondani, kokerani mpini kwa inu pang'onopang'ono kuti dongo lilekerere, kwezani osagwedeza, khuthulirani m'beseni. Musanachite china chilichonse, bwezani koyilo padzenje. Ngati pakulirabe, tapaninso.

Nsapato zikhale magambuti opanda chitsulo kuzala. A m'migodi aja ali ndi chitsulo, ndipo amaliza makina pa sitepe iliyonse.

Yesani musanamalize kulipira

Tengani kamtovu ka pa ukonde kapena ka pa mbedza, mudule kachidutswa konga njere ya mapira. Mtovu umalemera maulendo 11 kuposa madzi, ndiye umatsanzira golide bwino kuposa mwala. Ukwirireni m'bafa lodzaza matope a kumtsinje kwanu ndi madzi, mutape kakhumi monga mmene mungachitire kumtsinje. Ngati kamtovuko katuluka m'beseni maulendo asanu ndi atatu kapena kuposa, chida chili bwino. Ngati kakutsalira m'bafa, onani pamene kakudutsa, mubwerere kwa mmisiri. Mukatha, kasungeni kutali ndi ana ndipo musambe m'manja, chifukwa mtovu ndi poizoni.

Zoona zake za ditekita

Kabukuka ndi ka chotapira, koma ndingakulakwireni nditapanda kunena izi. Golide wambiri wa m'mitsinje ndi wafumbi, wosalala ngati ufa, ndipo ditekita siimumva ngakhale atachuluka. Imamva timibulu. Musanagulitse chiweto, tsukani mabeseni makumi angapo pamalo amene mukufunapo. Ngati mukungopeza fumbi lokhalokha, ndalama zanu zipite ku beseni, sefa ndi mphasa yotsukira, osati ku makina.

Funsaninso kuti ndi mbali iti ya makina imene imalowa m'madzi. Gold Monster 1000 ya kampani ya Minelab koyilo yake imamira mpaka mita imodzi, koma bokosi lake lapamwamba silimizidwa. SDC 2300 ya kampani yomweyo imamira yonse mpaka mamita atatu. Kuterereka kamodzi ndi makina osayenera madzi, ng'ombe ija yapita. Makina achinyengo otengera maina otchuka aliponso ambiri pamsika, choncho yesani ndi kamtovu kanu wogulitsa ali pomwepo. Mchenga wakuda ndi miyala ina ya chitsulo imalizanso makina popanda kanthu. Pa akasupe otentha a Chinyunyu, m'mbali mwa msewu wa Great East, musapite ndi makina kapena chotapira. Madziwo amawotcha khungu, amawononga zida, ndipo malowo ndi chuma cha anthu onse.

Madzi amenewa si anu nokha

Walira mvula walira matope. Koma matope a ntchito yanu asagwere amene sanalire nawo. Kumunsi kwanu kuli mayi akutunga, ng'ombe zikumwa, dimba likuthiriridwa. Tsukirani kumtunda, m'dzenje lokumba mapazi angapo kuchokera pagombe, kuti matope adikhe madzi asanabwerere mumtsinje. Musakumbe pansi pa gombe loima, chifukwa limagumuka mosachenjeza n'kukwirira munthu. Dzenje lililonse mulikwirire tsiku lomwelo. Ng'ombe imathyoka mwendo m'dzenje lobisika m'madzi, mwana amamira. Malo ogwirira ntchito akhale ndi chimbudzi kutali ndi madzi. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka kusanduka chipatala, tonse tikuikumbukira.

Mekyule musamulowetse m'ntchitoyi. Golide wa ditekita ndi wa timibulu, amatoledwa ndi zala, safuna mankhwala. Mekyule akalowa m'madzi amakhala m'nsomba, akawotchedwa utsi wake umalowa m'mapapo, ndipo amawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Matenda ake anadziwika ku Minamata m'dziko la Japan mu 1956, ndipo pangano la maiko lochepetsa mekyule, limene linatenga dzina la mzindawo mu 2013, Zambia inalivomereza mu 2016.

Thupi lanu

Madzi odikha okhala ndi nkhono ndiwo nyumba ya likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu, sitidikira kuti mumwe, ndipo timachuluka m'madzi dzuwa likakhala pamutu. Valani magambuti ataliatali ndi magolovesi alabala, ndipo ngati n'kotheka gwirani ntchito m'mamawa. Mukaona magazi m'mkodzo pitani kuchipatala cha Chinyunyu kapena ku St Luke's ku Mpanshya. Mankhwala ake, praziquantel, amachiza, koma sateteza kuti musatengenso. Chitsulo chadzimbiri chikakuchekani m'matope, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, mukafunse za jakisoni wa kafumbata tsiku lomwelo.

Mu Lunsemfwa ndi mu Luangwa muli ng'ona, ndipo munthu wovala mahedifoni, maso ali pansi, samva kanthu. Musalowe m'madzi nokha. Wina akhale pagombe, ntchito yake kuyang'ana. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, khwawa limadzaza ndi mvula imene yagwa kumapiri pamene inu muli padzuwa. Madzi akayamba kusintha mtundu kapena kubweretsa zinyalala, tulukani. Kukagunda bingu, tulukaninso. Ana ntchito imeneyi si yawo, ngakhale yonyamula beseni.

Chilolezo, ndi zinthu zimene si zanu ngakhale mwazitola

M'malamulo a Zambia miyala yonse ya mtengo wapatali ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ngakhale ili pansi pa munda wanu. Lamulo la migodi la 2015 linapereka mwayi wa chilolezo cha okumba ndi manja kwa nzika ndi makopaletivi, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano lokhazikitsa bungwe la Minerals Regulation Commission. Yambirani kwa anduna ndi amfumu, kenako ku maofesi a boma ku Rufunsa, mufunse ndondomeko imene ikugwira ntchito panopa. M'nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi musalowe ndi makina.

Nthawi zina chotapira chimatulutsa zamakedzana: mikanda, zibangili zamkuwa, makasu a makolo, ndalama zakale. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene Lusitu amathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda okhala ndi mikanda yagolide ndi mitanda yamkuwa, ndipo zimenezo zinatsegula mbiri ya malonda a m'chigwa cha Zambezi. Lamulo limateteza zinthu za anthu akale zopangidwa chisanafike chaka cha 1924, ndipo wozipeza ayenera kudziwitsa a National Heritage Conservation Commission. Musazisungunule, musazipale. Ikani chizindikiro pamalopo, muuze amfumu.

Chinanso n'choopsa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika m'chigawo chino: ku Kavalamanja m'boma la Luangwa kunamenyedwa nkhondo mu Malichi 1978, ndipo mu 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho, kuphatikizapo wa Chongwe. Mlomo wa chotapira ukagunda chitsulo chachikulu chobulungira kapena chonga botolo, musapondenso. Ngati chatuluka kale ndipo chikuoneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu, musachimenye kuti muone m'kati, musapite nacho kwa ogula zitsulo zakale. Chisiyeni pomwepo, chotsani anthu, itanani apolisi.

Pobwera kunyumba

Tsukirani chotapira chachitsulo m'beseni, osati mumtsinje, ndipo dongo lomata m'makona mulikokolole ndi kamtengo, mulitsuke ngati matope ena onse. Chotsani zimene zamata pa maginito, muzitaye m'chitini chapakhomo kuti mawa musazikumbenso. Umitsani chida padzuwa, chimene chimaphanso tizilombo ta likodzo, kenako pakani mafuta ophikira pang'ono pamlomo ndi m'misoko. Oyilo wa injini ayi, chifukwa mawa abwerera m'madzi akumwa. Beseni lotsukira lokha lisakhudze mafuta alionse, popeza mafuta amayandamitsa golide wafumbi. Gwedezani mpini muone ngati bawuti yakhwepa, ndipo onani pamene paipi inawotchereredwa. Kamng'alu kakaoneka, pitani nacho kwa mmisiri sabata yomweyo kasanakule.